Mawu Awiri a kwa Adona

Tsiku loyamba pa ntchito ku Kabulonga
adona anati, Esinati, pick up the toys,
nkuloza pansi ndi chala cha mphete.
Ndinawerama, ndinatola
kagalimoto kopanda mateyala, chidole cha diso limodzi.
Mumtima ndinati, basi, ndawagwira mawuwa,
pick up ndi kutola,
monga tinkakunkhira mtedza m'munda kwathu ku Katete.

Lachitatu foni inalira patebulo.
Adona ali m'bafa anakuwa, pick up!
Ndinainyamula ndi manja awiri ngati mbale ya alendo,
nkuima nayo pakhomo ikulirabe,
ikunjenjemera ngati mwanapiye wonyowa,
mpaka inatopa yokha.
Anaseka, misozi mbwembwembwe.
Pamenepo, anati, ndi kuyankha.

Nanga ana? Pick up the kids at one.
Ana a eni ndikawatole, agwa pati?
A Yokoniya, adalaivala, ndiwo anandimasulira
titaima pa mzere wa magalimoto, dzuwa likuswa mtengo:
Mayi, Chizungu ndi mmphawi,
khasu limodzi alimira, akumbira, aphera njoka.

Madzulo m'basi ya ku Mtendere
ndinkawerenga pa zala pansi pa chikwama:
kutola, kuyankha, kukatenga.
Mng'ono wanga wa salaula ku Soweto
akuti malonda adzachita pick up anthu akalandira.
Anesi akuti chifuwachi ndinachita pick up m'fumbi.
Ndiye mawu amodzi omwewo
akweza malonda, agwetsa munthu pamphasa?
Adona nawo, pondipatsa malipiro:
you pick up fast, Esinati.
Kani chilankhulo nachonso chimangomata
ngati chisoso pa chitenje, osachiitana.

Loweruka Lameki sanabwere.
Amagulitsa machaja ndi zikwama za foni m'tauni,
katundu yense pa katoni imodzi,
yosavuta kuthawa nayo.
Ndinaimba kasanu ndi kawiri.
Ndinanong'oneza foni yanga m'Chizungu cha adona,
pick up, mwanawe, pick up.
Kandulo inatha, magetsi sanabwere.

Cha m'ma leveni mnzake anagogoda,
akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu.
They picked him up, amayi.
Sindinafunse aliyense tanthauzo lake.
Mawondo anamva mutu usanamve.
Uku ndi kutola komwe kuja kwa tsiku loyamba:
kugwira chinthu chili pansi,
osachifunsa dzina,
nkuchiponya m'bokosi pamodzi ndi zinzake.

Mamawa ndinavala diresi la ku tchalitchi.
Wapolisi pa kauntala ankalemba osadzutsa mutu,
bolopeni yomangidwa ndi chingwe ngati mbuzi.
Mayi wina anapempha m'Chinyanja, anauzidwa, dikirani.
Bambo wina m'Chibemba, dikirani.
Itafika nthawi yanga ndinameza malovu,
ndinaimika khosi monga amachitira adona ku banki:
I have come to pick up my son.

Bolopeni inaima.
Sindikudziwa ngati chinali Chizungucho,
kaya diresi, kaya risiti ya chindapusa
ya ndalama zomwe ndinasungira lendi.
Koma anadzutsa mutu.

Lameki anatuluka nsapato imodzi,
atagwira buluku m'chiuno, lamba alibe.
Anamuponyera katoni yake,
ndipo pansi pake ponyowa panabooka.
Machaja mbwee pa simenti,
zingwe zoyera, zakuda, kagalasi kosweka
kugubuduzika mpaka pansi pa benchi.

Anandiyang'ana. Ndinamuyang'ana.
Ndinali ndi mawu ambiri, a mitundu iwiri,
ena okalipa, ena olira.
Ndinangokwinya diresi, nkugwada.
Iye uko, ine kuno,
tinatola.